Ndisiye ukalaliki ndikhale dobi wa malipenga?

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi manja akununkha makala, ndiye mukaona kabanga kakuda m'munsimu musadabwe. Ndine bambo wa mwana mmodzi, ndipo ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina ya katundu kudoko kuno ku Nkhata Bay. Ntchito yake ndi ya tayi ndi mpando. Sitima ikafika timatanganidwa, ikachoka timangoyang'anizana ndi ntchentche mpaka idzabwerenso. Koma mtima wanga, Aphungu, unatuluka kale muofesimo. Uli pa simbi.

Amalume anga a Paston anagwira ntchito zaka zambiri pa hotela ina ku Bulawayo, yochapa ndi kusita zovala. Pobwerera kumudzi anzawo anabwera ndi njinga ndi mawailesi, iwo anabwera ndi chisimbi cha makala cholemera ngati mwana wa mbuzi. Anthu anawaseka. Asanamwalire anandiphunzitsa luso lawo lonse: kusenda chinangwa, kuchisinja chachiwisi, kufinyira pansalu, kusiya madzi adikhe mpaka pansi patsale ufa woyera, kenako kuuthira madzi owira kuti ukhale sitachi youmitsira zovala. Ankakonda kunena kuti, "Mphwanga, ena chinangwa amangochidziwira pa kondowole. Ife timachivala."

Kuno kwathu mwamuna atha kugona ndi njala, koma kutuluka ndi malaya okwinyika ayi. Ndipo pa malipenga ndiye zimanyanya. Ngati simunaonepo, malipenga ndi gule wa amuna wovina m'mizere ngati asilikali, titavala malaya oyera, makabudula, masokosi ofika m'mawondo ndi tayi, tikuliza malipenga a zikho. Gulu lililonse lili ndi mtsogoleri amene timamutcha Kingi, kaputeni wake, ndi wina timamutcha dokotala, amene amayendera ukhondo wa ovina gule asanayambe. Ine ndimavina m'gulu la ku Chikale, mzere wachiwiri. Opikisana nawo athu ndi a ku Mwaya, kuyambira nthawi ya makolo. Sitidana ayi, timakwatirana, timapalasa bwato limodzi, koma pabwalo palibe chibale.

Chilimwe chino ndinauza anzanga kuti zovala za gulu lonse abweretse kwathu. Mkazi wanga Dorothy ankachapa ndi kuviika m'buluu woyeretsera zovala, ine ndikusita ndikaweruka kuntchito. Aphungu, mukanakhalapo tsiku la mpikisano! Makabudula athu ankachita kuima okha, mzere wa kutsogolo wakuthwa woti n'kudulira papaya. Dokotala wathu anayenda mizere yonse ndi kandodo kake, osapeza pokhudza. Azimayi nthungululu, mipango m'mwamba! A Mwaya atalowa, zovala zawo zinkaoneka ngati agona nazo. Tinawagonjetsa tisanaponde n'komwe phazi loyamba, ndipo ine m'mzeremo misozi inkalengeza ndi chimwemwe.

Chiyambire tsikulo pakhomo panga sipauma. Aphunzitsi akubweretsa malaya, wina anabweretsa suti ya ukwati, ngakhale bwana wanga wa kuofesi anandifunsa chapansipansi ngati ndingamuonereko jekete yake. Ndiye sabata yatha kunabwera mlendo amene sindinamulotepo: a Cyrus, Kingi wa Mwaya mwiniwake. Anadzera njira ya kuseri, atabisa kabudula wawo pansi pa dengu la usipa. Anati, "Ada, manyazi aja asachitikenso. Gulu lathu lonse likufuna dzanja lanu. Mtengo tchulani nokha." Ine ndinangothokoza kuti, "Yewu, ada Kingi, ndiganize kaye."

Taganizani, magulu awiri! Akamva a ku Chintheche ndi a ku Usisya, si abweranso? Ndaona kale khonde lina pafupi ndi msika, mwini wake walola kundibwereka. Chikwangwani ndachilemba kale m'mutu. Ndikufuna mwezi uno ukatha ndisiye ukalaliki, ndikhale dobi woima payekha, ndizidzuka m'mawa wopanda wondifunsa kuti ndachedwa bwanji.

Zovuta zilipo. Bambo anga ndi mphunzitsi wopuma komanso mkulu wa mpingo. Nditawauza anavula magalasi n'kunena kuti, "Ndinakutumiza kusukulu kuti uzikachapa makabudula a asodzi?" Dorothy anangoyang'ana manja ake amene asuwa ndi sopo, ndiye ndikuganiza kuti wavomera. Koma chondidya kwambiri ndi mnzanga Simon, kaputeni wathu. Usipa uja sunabise kanthu, nkhani inamupeza tsiku lomwelo. Anandiimitsa pa msika n'kunena kuti, "Iwe, ukangokhudza kabudula wa Mwaya, lipenga lako ubweze. Mfuti yathu sungakaigulitse kwa adani." Aphungu, m'gulumo ndinalowa ndili kamnyamata, malo a mzere wachiwiri anandisiyira amalume omwewo. Kundichotsa kuli ngati kundidula mwendo.

Koma ndapeza nzeru, ndipo ndikuona kuti ndi yakupsa. A Mwaya ndiziwasitira ndithu, zizichoka kwathu zikuwala, koma sitachi yawo ndizionjezera madzi pang'ono, kuti dzuwa likamafika pamutu ikhale italefuka. Iwo sadzadziwa, adzati ndi thukuta. Simon ndikamunong'oneza zimenezi adzaseka, n'kundisiya m'gulu. Chikale izipambanabe, Mwaya izilipirabe, ine bizinesi ikuyenda. Dorothy yekha ndiye anapukusa mutu nditamuuza.

Ndiye ndithandizeni, Aphungu. Ndisiye ntchito mwezi uno, kapena ndidikire Khirisimasi? Ine ndiye sindikugwirika.

W. K. M., Nkhata Bay.


A W. K. M.,

Kalata yanu yandisangalatsa, mpaka ndayang'ana kolala yanga n'kuchita nayo manyazi. Luso muli nalo, msika wabwera wokha pakhomo panu utabisala mu usipa, ndipo simbi ndi chinangwa zili m'manja kale. Ambiri amene amandilembera za bizinesi ali ndi chikwangwani chokha. Choncho sindikuletsani. Yambani!

Koma mwandifunsa za mwezi, pamene vuto lanu si mwezi. Vuto lanu ndi madzi aja mukufuna kuthira mu sitachi ya a Mwaya. Nzeru imeneyo ndi yaiwisi, ndipo Dorothy anapukusa mutu pa chifukwa. Anthu amene amadziwa kuona mzere wa kabudula ali kutsidya la bwalo mukuganiza kuti sadzaona kuti awo alefuka pamene anu aima? Adzaona tsiku loyamba lomwe. Mbiri ikadzamveka kuti dobi wa ku Chikale amasita mokondera, mphunzitsi aliyense adzayamba kununkhiza malaya ake n'kumadzifunsa kuti kaya ine ndili gulu liti. Ndipo Simon amene mukufuna kumunong'oneza ndi yemweyo amene adzaimbe nkhaniyo pa mowa, chifukwa kupambana kosanyadira sikukoma. Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene.

Komanso ndikukumbutseni: mwabisa dzina lanu, ine ndasintha a anzanu, koma dobi wovina mzere wachiwiri ku Chikale alipo mmodzi yekha, ndipo ku Mwaya nakonso nyuzi imafika. Njira ya madzi ija yatsekeka lero.

Tsono chitani izi. Pitani kwa Simon masana, pamaso pa Kingi wanu, osati kumbali. Muwauze kuti simbi ndi yanu, si ya gulu, ndipo kuyambira tsopano isita aliyense wobwera, mofanana. Ngati mukufuna kuwachitira ulemu, a Chikale muziwasitira poyamba, kapena muwatsitsire mtengo, koma dzanja likhale limodzi. Muwakumbutsenso kuti malipenga ndi mapazi ndi mpweya. Ngati Chikale singapambane popanda makabudula okwinyika a anzawo, ndiye ayambe kukonzekera molawirira. Mwina akuchotsani ndithu, ndipo zidzawawa, sindikunamizani. Walira mvula walira matope. Koma sindikhulupirira kuti gulu limene lalawa nthungululu zija lingapirire nthawi yaitali likusita ndi zisimbi za kunyumba.

Za ntchito, musasiye mwezi uno, ngakhale pa Khirisimasi. Mukuyeza bizinesi yanu ndi chilimwe, nyengo imene malipenga ali pakati ndipo chovala chimauma musanamalize kuyanika chinzake. Mvula ya kwanuko mukuidziwa kuposa ine. Ng'oma zikapachikidwa, makala atanyowa, malaya akukana kuuma, mudzasita za ndani? Khonde lija tengani, koma muzitsegula Loweruka ndi madzulo mukaweruka, mpaka dzinja lonse lidutse. Muone ngati aphunzitsi, anamwino, a kwaya ndi amayi ovina chilimika pa chaka chatsopano angakudyetseni popanda malipenga. Funani denga loyanikira ndi pouma posungira makala. Chiphaso cha malonda mukatenge ku ofesi musanapachike chikwangwani, ndipo khadi la chipani la chaka chino likhale m'thumba, popeza khondelo lili pakhomo pa msika pamene amafunsa makhadi.

Dorothy mumufunse ndi pakamwa. Mkazi akayang'ana manja ake osuwa sanavomere, wakuonetsani mtengo wa bizinesi yanu. Inu mukuona mizere yakuthwa, iye akuona mulu wa makabudula a magulu awiri, mwana ali kumsana. Musanalonjeze a Cyrus, pezani wothandiza kuchapa, ndipo Dorothy akhale mwini mnzanu, osati wantchito wosalipidwa. Bambo anu musalimbane nawo. Pemphani amayi anu akupatseni malaya a bambowo a Lamulungu, muwasite monga ankasitira a Paston, muwabweze osanena kanthu. Akulu ampingo anzawo ndiwo adzakulankhulireni.

Chenjezo limodzi: kudzabwera amayi ndi nsalu zawo zovinira pa misonkhano ikuluikulu, zija zili ndi chithunzi. Simbi ya makala imalavula phulusa lamoto. Nsalu zimenezo muzisita chakunsi, mutayala kansalu koyera pamwamba, mwana atapita kukasewera kutali. Pali zina zikapsa kupepesa sikukwanira. Mwandimva.

Nanga tsiku losiya ukalaliki ndi liti? Simulipeza pa kalendala. Chilimwe chamawa a Mwaya adzalowa pabwalo makabudula ataima, mizere ikung'anima mpaka dzuwa kupendeka, azimayi akuwaululutira. Mwina adzakugonjetsani. Inu mudzakhala mzere wachiwiri, kapena kunja kwa bwalo ngati Simon adzakhale asanaphwe mtima. Mudzadzimvetsere nokha nthawi imeneyo. Ngati zidzakuwawani mpaka kulakalaka mukanathira madzi aja, vinani malipenga, tayi ya kuofesi musavule. Koma ngati mudzagwira wapafupi nanu pamkono n'kumuuza kuti, "Taona kabudula wa Kingi wawoyo, ndasita ndine," m'mawa mwake kabwezeni mpando wa kampani.

Aphungu.