Ndinaimba za msewu umene sindinakulire

Aphungu,

Ndisaname, moyo wanga ukuyenda bwino. Ndili ndi zaka 33, ndimayendetsa basi ya mumzinda, ndipo mkazi wanga Renita amandikondabe ngakhale ndimaliza mkonono. Kumapeto kwa sabata ndimajambula nyimbo za rap m'galaja kwathu. Imodzi yatchuka mosayembekezeka, moti ana asukulu amaiimba m'basi mwanga momwemo, osadziwa kuti mwini wake ndi amene ali pachiwongolero. Ndimangomwetulira.

Vuto ndi ili. M'nyimboyo ndimati ndinakulira pamsewu wa Harmon, apolisi ankatithamangitsa, ndende ndinailawa. Zoona zake n'zakuti ndinakulira kunja kwa tauni, kunyumba ya kapinga wotchetcha bwino. Ku Harmon ndinkangopita patchuthi kwa azakhali, ndipo sankandilola n'kutsika pakhonde komwe. Amene anakulira pamenepo n'kukagwira ukaidi zaka zisanu ndi chimodzi ndi mwana wawo Cedric, msuweni wanga. Ndinangotenga zimene ankandiuza ndikapita kukamuona kundende, n'kuikapo "ine".

Tsopano anthu a pa Harmon andiitana kuti ndikaimbe paphwando lawo la pamsewu Loweruka likubwerali. Dzana ndinapita kukametetsa kumeneko. A Lucius, eni ake a shopu yometerayo, anandizunguliza pampando n'kunena kuti, "Anyamata, taonani, chigawenga cha pakhonde chija chabwera! Ndende yake iti, mwana iwe? Ya azakhali ako ija?" Onse anafa nalo phwete, inenso ndinaseka. Cedric anali pomwepo akudikira kumetedwa. Iye yekha sanaseke, ndipo zikundiwawa, chifukwa timakondana kwambiri.

Kodi ndingokaimba basi? Anzanga akuti woimba aliyense amakometsera.

L.W., Detroit

Achimwene a L.W.,

Yambani mwapuma kaye. Ngati a Lucius akukusekani pamaso, ndiye kuti pa Harmon amakuonanibe ngati wawo. Akanadana nanu akanakumetani ali duu. Kumeneko aliyense akudziwa kuti munali wa pakhonde, palibe chachilendo chimene mungawaululire. Ulemu wa pamsewu munthu sadzipatsa yekha pamaikolofoni, amapatsidwa ndi amene anamuona akukula, ndipo iwowa akuitanani kale.

Amene mwamulakwira ndi mmodzi, uja sanaseke uja. Anzanuwo akunena zoona kuti oimba amakometsera, koma inu simunakometsere, munatenga zaka za mnzanu n'kuzivala. Mbiri ya ndende imene ikukutchukitsaniyo, iye mwina ikumumanitsa ntchito mpaka lero.

Musadikire Loweruka. Pitani kwawo nokha, opanda kamera, mukamuuze mosapita m'mbali kuti munaimba nkhani yake osapempha. Kenako mumufunse chochita nayo nyimboyo, ndipo mutseke pakamwa ayankhule. Akati mutchule dzina lake, tchulani. Akati ndime ya ndendeyo ichoke, ichoke ndithu, ngakhale ndi imene ana a m'basi aja amaikonda. Ndiyeno mulembe ina ya basi yanuyo. Munthu woyenda misewu yonse ya Detroit tsiku ndi tsiku angasowe bwanji choimba?

Koma ndikuchenjezeni chimodzi. Musakapepese pasiteji musanayankhule naye. Mukatero mudzakhala mwamudyeranso masuku pamutu kachiwiri: khamu lidzakuomberani m'manja inuyo chifukwa cha kudzichepetsa, Cedric ali kumbuyo, osaseka, ngati kometera kuja.