Tsiku limene ndinaletsa amalume kugwira sipanala

Amayi, kumene muliko kukuyenda bwanji? Ife kuno ku Kanakantapa tilipo. Ndachedwa kulemba, mundikhululukire, mukudziwa kuti ine ndi cholembera sitinagwirizanepo. Koma sabata ino ndili ndi nkhani yoti singakhale m'mimba.

Ndiyambe ndi mwana. Mpongozi wanu Esinati anachira bwino, mwana wamkazi, ndipo pano akukwawa. Mano awiri atuluka, amaluma chilichonse, ngakhale makiyi anga. Akangotsokomola kamodzi ine mtima uli m'mwamba, Esinati n'kumandiseka kuti ndikalamba msanga. Chimanga cha kumunda wanu wakumtunda chachita bwino, koma chakumunsi chinadyedwa ndi mbozi. Tomato ndiye watigwira dzanja. Nkhuku zanu zinatha ndi chitopa, yatsala yamawanga ija yokha.

Ntchito ndinaipeza, Amayi. Ndimayendetsa motoka ya a Mayi Tembo, aphunzitsi opuma ntchito a ku Chalimbana. Mukanaiona motoka imeneyi! Simwa petulo, ilibe utsi, imangodya magetsi a sola ngati foni. Ikamayenda silira, mbuzi za pamsewu zimangodzidzimuka tafika kale. Kawiri pa sabata ndimapita nawo ku Lusaka ndi kabichi ndi repu wawo. Tsiku loyamba anandionetsa kabuku ka waranti. Anati ndi lonjezo la ogulitsa, kuti chinthu chikawonongeka m'zaka zoyambazi amakonza okha osalipiritsa, bola munthu wina asatsegule. Anandiuza mosabisa kuti ndikadzalola aliyense kuikapo sipanala, lonjezolo lafa, ntchito yanganso yafera pomwepo.

Mwezi watha inayamba kugogoda. Ndikaponda kuti ndinyamuke, pansi kutsogolo kumveka gu, ngati munthu wagwetsa mpini pasimenti. Ndikachotsa phazi, gu kachiwiri. Mu minibasi kaphokoso kotere simungakamve n'komwe, koma iyi ndi ya zii, chilichonse chimafika m'khutu. Ndinatsitsa katundu yense, jeke ndinaikulunga m'nsanza poganiza kuti ndi imene ikugubuduka. Ayi ndithu, gu ali pomwepo. Ndinkaona ngati ndaithyola ndine pa mabampu a msewu wathu wafumbiwu. Kenako ndinakumbukira zimene munkanena, kuti wobisa chilonda amanunkhitsa nyumba yonse, ndiye ndinakawauza a Mayi Tembo. Anaimba foni kwa ogulitsa, iwo anati tibwere nayo Lolemba. Poti mayiwo ankapita kukaona ana awo, motoka inagona kwathu.

Apa ndiye ndinalakwitsa. Ndinakumana ndi alongo anu, amalume a Bonifasi, pamsika wa Chongwe pamene amakonzera maminibasi, ndipo pocheza ndinatchula za gu uja. Ine ndimangocheza. Loweruka m'mawa ndili kudimba kuthirira tomato, ndinangoona Esinati akuthamanga mwana ali kumbuyo. Anati amalume abwera ndi chikwama cha masipanala, motoka ili kale pa jeke. Chitini ndinachitaya pamzere pomwepo. Ndinapeza tayala lakumanzere lili pansi, iwo agwada, sipanala yaikulu akuilozetsa pa nati ya pakati.

Amayi, chibadwire sindinawaletsepo kanthu amalume. Mawu anatuluka okha: "Amalume, chonde, ikani pansi sipanala."

Anandiyang'ana n'kunena kuti: "Iwe Lazaro, sitelingi ninakuphunzitsa nine. Lero uniletsa kugwira motoka?"

Ndinathamangira kabuku kaja kuti ndiwaonetse, koma anati pepala silinakonzepo motoka. Anabwezera tayala, kumanga bwinobwino, tiyi wa Esinati anamukana, n'kunyamula chikwama ulendo. Ndinakhala pansi pafumbi. Muli m'chipatala munandiuza kuti mukachoka, amalume ndiwo mayi anga ndi bambo anga. Ndiye taonani, kuti ndisunge ntchito yodyetsa mwana wanga ndawathamangitsa pakhomo ngati munthu wachilendo. Lamulungu titatuluka mu Misa anandidutsa osandipatsa moni.

Nzeru inachokera kwa mpongozi wanu. Anati a ku Lusaka aletsa manja, koma makutu sanaletse, bwanji osapita nawo amalumewo? Madzulo ndinapita kwawo, ndinanjuta pakhomo, n'kuwauza zoona zake: kuti ine Chingerezi changa n'chochepa, gu ndimangomumva koma sindidziwa kumene akuchokera, ndipo ndikapita ndekha akandibweza. Anati aganiza. Lolemba ndinawapeza ataima pamsewu waukulu, atavala jekete la kutchalitchi.

Galaja yake, Amayi, pansi poti mungayanikepo ufa. Palibe oilo, palibe nsanza. Amakanika analumikiza kompyuta, inati palibe vuto. Mmodzi anaiyendetsa pa tala wosalala, motoka inangoti zii ngati ikundinamizira bodza. Anatiuza kuti tibwerere, tidzabwere phokoso likadzakula. Ndikawauza chiyani a Mayi Tembo? Ndipo ikadzathyokera panjira, adzati wathyola ndani?

Nthawi yonseyi amalume anali ataima pambali, manja kumbuyo. Ndinkawayang'ana manja amenewo kuposa motoka. Kenako anamuuza makanika uja mwaulemu kuti akhotetse sitelingi yonse kumanzere, apite patsogolo pang'ono, abwerere m'mbuyo pang'ono, osafulumira. Iwo ananjuta pafupi ndi tayala, khutu atalitchera. Gu! Anati abwereze. Gu! Ine ndinatsala pang'ono kuvina, sindinasangalalepo chonchi ndi phokoso loipa. Analoza ndi chala, osakhudza, n'kunena kuti shafiti, chitsulo chimene chimatenga mphamvu kupita nayo kutayala, ikusewera pamene imalowera.

Amakanika aja anaitana bwana wawo. Anakweza motoka m'mwamba, anagwedeza shafiti ija, ndithu ikusewera. Kenako bwanayo anatenga tochi n'kuyamba kuunika nati iliyonse. Kodi mukudziwa kuti kufakitale amapaka kadontho ka penti pa nati, kuti munthu akaipotokola zioneke? Ine sindinkadziwa. Nati ya pakati ija penti wake anali wosasweka. Anandifunsa ngati pali amene anatsegulapo, ndinati ayi. Amalume ndiwo anawonjezera: "Ine nenze kufuna, koma uyu mwana ananigwira dzanja." Galaja yonse inaseka. Bwanayo anati nati imeneyo ikanangotembenuka kamodzi, akanatikana. Anatinso si kayendetsedwe kanga, chitsulocho chinabwera chofooka, ndipo asintha pa waranti.

Motoka inatsala komweko masiku anayi kudikira shafiti yatsopano. Dzulo ndakaitenga. Ndayesa pa mabampu onse kuyambira pa Chongwe mpaka pakhomo, ndaima, ndanyamuka, ndabwerera m'mbuyo, anthu mpaka kumandifunsa ngati ndasochera. Palibe gu. A Mayi Tembo atamva nkhani yonse anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti makiyi akhala ndi ine. Pamsika ndiye musanene, amalume auza aliyense kuti anakaphunzitsa ntchito anthu a makompyuta, ndipo tsiku lililonse nkhaniyo ikukula. Ine sinditsutsa.

Koma chimene ndimafuna mumve ndi ichi. Lolemba lija, pobwerera pa minibasi, amalume anagula chinangwa chootcha, anachinyema pakati, n'kundipatsa mbali yaikulu. Tinadya mpaka titadutsa mlatho. Ndiye anati, akuyang'ana pawindo, "Mlongo wanga sanalere chitsiru." Ndinayang'ana kumbali, Amayi, kuti anthu asandione m'maso.

Chinthu chimodzi ndinaona ku galaja kuja: makutu awo akadali akuthwa, koma maso ayamba kuchita nkhungu, pepala limene anatipatsa kumeneko analiika pamphuno penipeni kuti aliwerenge. Iwo sangavomere. Ndikulonjezani kuti mwezi uno usanathe ndipita nawo kuchipatala cha maso, akane asakane, ndipo alongo anu sadzakalamba okha ine ndilipo.

Tikukukondani, ndipo timakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu,
Lazaro