Masamba pamsewu wa ku Thambani

Loweruka madzulo, mwezi wa Juni.

Ndatopa, koma mtima uli mbee. Lero tajambula gawo la maliro mu filimu yanga. Nkhani yake ndi ya mkulu wa mpingo amene wapezeka ataphedwa, kapu ya tiyi ili pambali pake, chonsecho mpingo wawo, uja wa anyamata oyenda awiriawiri atavala malaya oyera ndi mataye, suloleza tiyi. Alamu anga a Zuze ndiwo akusewera malemuyo.

Pofuna kuti zioneke zenizeni, ndinayala masamba pamsewu monga timachitira pakagwa zovuta, a Zuze n'kuwagoneka pamphasa pakhonde. Zouza anansi sindinaziganize. Akabaza anayamba kutsika panjinga, azibambo kuvula zipewa. Posakhalitsa anatulukira mayi Asiyatu a pagolosale atasenza nkhuni, akulira mokweza: "A Zuze inu, mwatisiyiranji!"

A Zuze anapirira pang'ono pamphasa paja, kenaka anadzuka. "Pepani mayi, ndili moyo."

Mayi aja anaponya nkhuni uko n'kukhala pansi. Mtima utatsika anandiloza chala. "Iwe Tadala, imfa si yoseweretsa. Chotsa masambawo pompano!"

Ndachotsa, ndapepesa, n'kuwafotokozera nkhani ya filimuyo. Achemwali anga, akazi a a Zuze, mpaka pano sakundiyankhula, ndipo mawa ndilawirira kwawo.

Komatu pochoka mayi Asiyatu anabwerera, n'kundifunsa chapansipansi: "Nanga anawapha ndani?" Ndinati adikire filimu ituluke. Nkhuni zija azisiya, ati adzatenga tsiku limene ndidzawauze.

Sindiwauza. Nkhunizo ziume pomwepo.