Bambo wa Suti Yakuda ndi Belu la Kamagalasi

Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, nditangoyanika zovala.

Mwana wanga wokondedwa,

Uli bwanji kumeneko pamodzi ndi amuna ako? Chifuwa chija chinatha? Kuno tili bwino, kupatula bondo langali lomwe limadziwa za mvula kuposa a pawailesi.

Landira kaye yabwino: mwana wako Kamagalasi amutenga ku yunivesite ya mpingo ija, imene amasefa ana mpaka kutsala owerengeka ngati mano anga. Vina ndithu. Ukatha ukhale pansi, chifukwa ndili ndi tchimo loti ndiulule.

Mwezi watha, mwanayo atapita kogula sopo, pakhomo panafika bambo wina. Suti yakuda, nsapato zowala, chikwama m'khwapa, imvi mpaka m'makutu. Ati wabwera kudzamva za khalidwe la mdzukulu wanga. Ati amadzuka nthawi yanji, amamvera akulu, amapemphera, nanga ali ndi chibwenzi?

Tandiuza iwe, mwamuna wa suti akamafunsa zotere masanasana, amakhala akufunanji? Achibale a bambo ako anafunsa zomwezo kwa amayi anga, sukulu yanga n'kuthera pomwepo ndisanadziwe n'kuchotsera komwe. Mumtima ndinati, nkhalamba iwe, uyu yekha sumutenga, akaphunzire.

Ndiye ndinamuyalira. Ndinati mtsikanayo amagona mpaka dzuwa kumuwotcha kumapazi. Ndinati akaphika, galu amanunkhiza n'kupepesa. Ndinati kutchalitchi amasinza pa nyimbo yoyamba n'kudzadzidzimuka pa Ameni. Ndinawonjeza kuti mkonono wake uli ngati chigayo, ndipo pakamwa anatengera ine. Bamboyo ankangolemba, kulemba. Ine n'kumati lemba ndithu, ukawauzenso anzako.

Mwanayo atabwera anandifunsa ngati sikunafike abusa a ku yunivesite, amene akuti amayendera makomo a ana mosachenjeza asanawasankhe. Mwana wanga, apo m'pamene ndinazindikira kuti bambo wa suti uja anali abusawo. Ndinangoti sindinaone munthu. Mabodza akale aja asanapole, ndaonjeza lina.

Masiku atatu ndinkamuona akusita bulauzi yake, akuyeseza mayankho pagalasi, ine chakudya osalowa. Mwana wowerenga mpaka maso kufiira, ine n'kumugwetsa ndi lilime!

Lolemba ndinavala za kumapemphero n'kukwera basi ya ku yunivesiteko. Pageti mlonda anati popanda kalata sindilowa. Ndinamufunsa ngati geti la kumwamba anamupatsanso iyeyo. Anatsegula.

Abusawo ndinawapeza mu ofesi ya fani yolira ngati ikudwala. Ndinagwada, bondo n'kuti phwa. Ndinaulula zonse, kuti ndinawayesa odzafunsira mbeta, komanso kuti ndinawaona kuti atha ntchito.

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi tayi. Ati anayenda makomo makumi anayi, konseko anauzidwa kuti ana awo ndi angelo, moti anayamba kudabwa kuti nanga othyola mawindo a kuhositelo amachokera kuti. Ati mwana wokhoza chonchi akukhala ndi agogo ngati ine, palibe mayeso angamuopse. Kaya kunali kundiyamikira kaya kunditukwana, ine ndinathokoza.

Vuto ndi ili. Lipoti lija anali atapereka kale kwa akuluakulu, ndipo ati zolembedwa sizifufutika. Ndiye kalata yomutenga yabwera ndi mawu ena pansi pake. Chaka chonse choyamba, iyeyo ndiye aziliza belu la mapemphero a 5 koloko m'mawa, ndipo m'tchalitchi azikhala mpando wakutsogolo, maso ndi maso ndi abusa. Akufuna amuchize tulo toti alibe.

Mwanayo akuyesa ndi ulemu. Dzulo amauza anzake kuti amuona kuti ndi wodalirika. Akundithokozanso kuti ndinamulera bwino, ine n'kumawerenga malata kudenga.

Tsono pempho langa ndi ili: umutumizire wotchi yolira kwambiri ndi juzi yokhuthala, ndipo pakamwa pako utseke mpaka adzavale chipewa cha makona chija. Akadzamva ali ndi digiri, adzandikalipira m'Chingelezi, ine osamva kanthu.

Ambuye akusungeni nonse. Moni kwa amuna ako ndi ana. Ukawerenga umupatsire mlongo wako, poti ndiye adzamuperekeze kusukuluko. Abusa akadzamufunsa za mkonono, avomere, banja lisasiyane mawu.

Ndine mayi ako.