Nyama nayonso imapuma

Wokondedwa mng'ono wanga,

Muli bwanji nonse kumeneko? Nanga bondo la amayi lija linasiya kutupa? Ife tilipo, kungoti thupi langa lafika poti ndikagwada pansi, kudzuka kwake ndimachita kupempha khoma.

Alamu ako sanasinthe kwenikweni chidwalire sitiroko ija. Dzanja lamanja lidakali lakufa, ndipo mawu amatuluka limodzilimodzi. Ndimawasambitsa m'mawa, n'kupita kochapa zovala kuja, ndikabwerako n'kuyambanso ntchito ya pakhomo. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti sakudya, mpaka adokotala andikalipira ngati ndine ndikuwamana.

Tsiku lina alamu ako anatchula nkhumba. Ndinathamanga kukagula ya kumsana, yopanda fupa. Ukudziwa mmene amayi anatiopsezera za nkhumba yosapsa. Choncho ndinaisiya mu uvuni mpaka inagwa mphwayi. Inatuluka gwa ngati chidendene. Alamu ako anatafuna, kutafuna, kenako n'kulavulira m'mbale mwaulemu. Ndinakalirira kubafa.

Nditadandaula kwa bambo wa pabutchala, anandiseka. Anati ndiipake mchere, adyo ndi mafuta, ndiyambe ndi moto waukulu kuti ipse pamwamba, kenako ndichepetse. Ikangoti yapsa ndiitulutse msanga, ndiivundikire, ndipo ndisaidule mpaka itapuma. Ndinamufunsa kuti nkhumba yakufa ipuma ndi mphuno iti. Iye anati akunena kupumula, kuti madzi ake akhazikike m'kati. Ndinachoka ndikung'ung'udza kuti kunja kuno n'kokondera, nkhumba ili ndi nthawi yopuma, ine ayi.

Lamlungu ndinayesanso. Nditaivundikira ndinati ndikhaleko pampando podikira. Basi, tulo. Ndinadzidzimuka dzuwa litapendeka, nyama itazizira, alamu ako ali panjinga yawo ya olumala akundiyang'ana. Njala inali itawagwira, koma sanagogode ndodo yawo ngati mmene amachitira akandifuna.

Nyamayo inali yofewa, ndipo anadya zidutswa zingapo osalavula. Atatha, analimbana ndi lilime lawo kwa nthawi ndithu, mpaka ndinamva zimene ankanena. Ankati ndikuitane.

Iwe ukundidziwa, kupempha kumandivuta. Nthawi zonse ndakhala ndikukuuzani kuti zili bwino. Koma ndatopa, m'bale wanga, ndipo ndikuopa kuti tsiku lina ndidzawagwetsa powanyamula kubafa. Bwera udzandithandize, ngakhale mwezi umodzi wokha. Ana ako akula, angathe kuyang'anira amayi. Kogona kulipo, ndichotsa makatoni m'kachipinda kaja.

Upereke moni kwa amayi, koma za kulira kubafa usawauze. Moni kwa amalume, kwa amuna ako ndi ana onse. Alamu ako akweza dzanja lawo labwino, ndiye moni wawo umenewo.

Ndiyankhe msanga, ngakhale yankho likhale lakuti ayi.

Ndine mkulu wako.