Foni ya Amayi Yosachedwa Kutha Moto

Zolembedwa za msonkhano wa komiti ya ana a Amayi

Tsiku: Loweruka, pa 14 Juni
Malo: Pabalaza pa Amayi
Opezekapo: Achimwene aakulu (Wapampando), Achemwali anesi, Alamu (akazi a Wapampando), ndi mwana wotsiriza (Mlembi). Amayi analipo, koma alibe voti.
Osapezekapo: Achimwene apakati. Foni yawo inali yozima.

1. Kutsegula

Wapampando anakumbutsa mamembala kuti komitiyi inabadwira pabalaza pomwepa, tsiku lomwe tinaika Bambo m'manda, pamene tinagwirana manja n'kulonjeza kuti Amayi sadzasowa wocheza naye. Mlembi anasankhidwa tsiku lomwelo chifukwa anapita ku yunivesite. Mpaka lero sakudziwa ngati chifukwacho chinali chokwanira.

2. Kusamutsa Amayi

Wapampando anati Lachitatu anaimbira Amayi koma foni inali itatha moto. Anachita kusiya ntchito n'kuthamangira kuno, n'kuwapeza akusita makatani. Anati munthu wamkulu wosapezeka pafoni sangakhale yekha, choncho Amayi asamukire kwawo, m'chipinda chakumbuyo. Alamu anati m'chipindamo muli katundu wambiri komanso mumadontha, koma anapempha kuti mawu awo alembedwe ngati ovomereza.

Amayi anati m'nyumba muno adzatulukamo atanyamulidwa. Wapampando anawakumbutsa za voti.

3. Njira zosungira moto

Achemwali anapempha kuti foni iyambe yapimidwa mwini wake asanasamutsidwe. Anatchula kuchepetsa kuwala kwa sikirini, kuzimitsa data, ndi kuika sikiriniyo kuti izizima yokha pakapita kamphindi. Wapampando anati zonsezi anatsala pang'ono kunena.

Foni inaperekedwa kwa Mlembi, yemwe anapeza kuti kuwala kunali kokwezedwa mpaka pamapeto penipeni, ndipo sikirini inaikidwa kuti isamazime n'komwe. Amayi anati anachita kupempha wokonza mafoni wapakona kuti awaikire chomwecho.

"Makutu angawa mukuwadziwa," anatero. "Ndiye ndimaitsamiritsa pachitini cha shuga kuti ndiziionera patali. Poyamba inkangokhala bii tsiku lonse. Ndinati yafa."

"Amayi, imayaka yokha munthu akaimba," anatero Achemwali.

"Oo. Ndiye kuti inali bwinobwino eti?"



4. Chomwe chimadya batire

Wapampando analamula Mlembi kuti atsegule pomwe foni imaonetsa zinthu zodya moto, n'kuwerenga mokweza. Mlembi anafunsa ngati zinali zofunikadi. Anauzidwa kuti komitiyi sibisa kanthu.

Anawerenga kuti pafupifupi moto wonse umathera pasikirini. Pa kuimba ndi kulandira mafoni sipanalembedwe kalikonse.

Wapampando anati iwo amatumiza moni pagulu la banja la pafoni m'mawa uliwonse, wamaluwa. Achemwali anakumbutsa kuti Amayi anachotsedwa pagulupo ndi komiti yomweyi chaka chatha, poti mauthenga ankatha batire. Alamu anapempha kuti mfundoyi isalembedwe. Mlembi anaganizira pempholi kwa kanthawi.

5. Zomwe tagwirizana

Kuwala kuchepetsedwe ndipo sikirini izizima yokha. Izi zinachitika pomwepo.

Nkhani yosamutsa Amayi yaimitsidwa. Alamu anali oyamba kukweza dzanja.

Mamembala aziimbira Amayi mosinthana. Udindo wokonza ndondomeko yake unaperekedwa kwa Achimwene apakati, ndipo adzauzidwa akapezeka.

6. Zina ndi zina

Amayi anapempha, ngakhale alibe voti, kuti aone ndi maso awo ngati foni yakuda imayakadi yokha. Wapampando anati yawo inalibe mayunitsi. Mlembi anaimba ali pampando wake, moyang'anizana nawo. Foni inawala pachitini cha shuga. Amayi anapukuta manja, n'kuitenga.

"Halo? Ndani mnzanga?"

"Ndine, Amayi."

"Iwe! Wasowatu. Uli kuti masiku ano?"

Achemwali anatuluka, akuti kukaona ketulo.

7. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhalapo pa 12 Julayi, pabalaza pomwepa. Uno unatsekedwa nthawi ya 4 koloko madzulo.

Wapampando: ______________

Mlembi: ______________

Atasaina onse awiri, Amayi anapempha mapepalawa, ndipo Mlembi akulemba mzere uno asanawapinde n'kuwapereka. Akuti foni imaterereka pachitini, ikufunika chotchinjiriza.