Maola Asanu ndi Atatu ku Port Said

Pireya, ku Girisi

Okondedwa achemwali anga a Zakiya,

Gharib mwana wa Abdu wogulitsa makala adakali moyo, ndamuona ndi maso angawa. Ndayamba ndi dzina lake chifukwa ndikaliika pakati pa kalata ndilizembanso, monga ndakhala ndikuchitira zaka makumi anayi ndi zitatu.

Tsopano landirani moni, mtendere ukhale nanu. Muli bwanji kumeneko? Maondo aja akukulolani kutsika masitepe? Ine ndilipo, Mulungu atamandike, kungoti chifuwa chimandivuta kukazizira, ndipo adokotala andiuza zina zimene sindilemba pano. Mukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira panjira, ndiye muwerenge modekha. Ndikanaimba foni, koma pa foni ine ndi inu timangofunsana za maondo mpaka mawu kutha.

Chimwalirire amake Samira nyumba yandikulira. Ndikaphika mphodza zimatsala masiku atatu. Anzanga amene tinkasoka nawo maukonde kudoko, ena ali kumanda, ena anabwerera kwawo ku Damietta. Mwana wanga Samira amabwera Lamlungu lokha, kudzawerenga mapiritsi anga ndi kundikalipira za fodya.

Ndi Samirayo ndi mwamuna wake amene anagula matikiti a sitima yaikulu ya alendo, imene imazungulira nyanja sabata yathunthu, ati adadi akapitidweko mphepo. Nditaona papepala kuti tsiku lachinayi ikaima ku Port Said maola asanu ndi atatu, ndinakana. Samira anandiseka, nati kuyambira ali mwana ndakhala ndikuwatopetsa kuti nsomba za kuno si nsomba, buledi wa kuno si buledi, ndiye lero ndikuopa chiyani? 

Achemwali, ndinafika kwathu Lachiwiri la sabata yathayi, ndipo sindinakuuzeni.

Tinalowa padoko m'mawa. Ndinaima pamwamba penipeni pa sitima, kutalika kwake ngati nyumba yosanja kakhumi, n'kusuzumira pansi pamene mabwato athu ankapanikizana. Panalibe bwato ngakhale limodzi, madzi okhaokha a mafuta. Moyo wanga wonse sitima ndinkaiona nditakweza khosi. Tsikulo ndiye ndinadziwa kuchepa kumene tinkachepa m'maso mwa anthu apamwamba aja.

Inu ntchito yathu munkangoimva, poti akazi kumadzi sankafikako, ndiye mundilole ndikufotokozereni bwino kamodzi kokha. Sitima ikaima tinkapalasa mpaka m'mbali mwake, n'kuponya zingwe ziwiri m'mwamba. China chinali cha dengu lokweza zikwama zachikopa, zisoti zofiira ndi tingamila tamtengo. Chinacho chinali chogwira bwato kuti lisatengedwe ndi madzi, ndipo chimenechi tinkachimanga kumutu kwa bwato ndi mfundo imene tinkaitcha yomvera. Ukakoka kamchira kake kamodzi imamasuka yokha, chifukwa sitima ikanyamuka siidikira munthu. Mfundo ina iliyonse tinkaitcha yogontha, ndipo yogontha pabwato la malonda inali yoletsedwa ngati nkhumba.

Tsiku lija tinali atatu: mwini bwato a Rayisi Mitwalli, Mulungu awachitire chifundo, ine, ndi Gharib amene anali atangoyamba kumene. Ndinali nditamudzudzula kawiri konse chifukwa cha mfundo yake. Amamanga ndi dzanja lamanzere, kuzunguliza katatu, kamchira n'kukabisa chammbuyo. Ankati yomvera ndi mfundo ya anthu amantha. M'mawa umenewo anamanga ndi iye, ine ndili kalikiliki ndi dengu. Sitima italiza huta n'kuyamba kusuntha, a Rayisi anakuwa kuti masula, ndipo poti ndinali pafupi, ndinalumphira kumutu n'kukoka. Siinamve. Mpeni unali pansi pa katundu. Zotsatira mukuzidziwa: sitima inatikoka, bwato n'kugubuduzika. Mtembo wa a Rayisi anaupeza tsiku lachiwiri.

Ine ndinagona m'chipatala masiku anayi madzi ali m'mapapo. Pamene ndinkatuluka n'kuti Gharib atalira kale pamaliro, atauza kale aliyense kuti anandiona ndikumanga. Darwish, amene anavuula mutu wa bwato chingwe chidakali pomwepo, anaonetsa mfundoyo kwa anthu onse, koma Gharib anali wachilendo pantchito, dzanja lake palibe ankalidziwa kupatula ine. Ndikamalankhula ankati taonani, akukankhira mnzake. Palibe bwato linanditenganso. Ndikadutsa panyumba ya tiyi ina yake ankakuwa kuti Shehata, tabwera utimangire mbuzi iyi, isadzathawe mpaka tsiku la chiweruzo.

Zonsezo ndikanapirira. Koma amayi sanandifunse, ndipo inunso simunandifunse. Munkandiikira chakudya, munkandichapira, munkatsitsa mawu ndikalowa. Mukanandifunsa kuti Shehata, unamanga ndiwe kodi, ndikanayankha. Patatha miyezi isanu ndi iwiri ndinakwera bwato la asodzi achigiriki. Amayi anapita kumanda osandifunsabe.

Ndibwerere ku Lachiwiri. Anthu a m'sitima anakwera mabasi kukaona mapiramidi, Samira ndi mwamuna wake pamodzi nawo. Ine ndinati miyendo ikuwawa, ndigona. Atapita ndinatsika ndekha, kakhadi ka sitima kali m'khosi, kumutu chipewa choyera chimene anandigulira mkamwini wanga. Kunja kwa geti kuli mzere wa timatebulo. Zinthu zake ndi zomwe zija, tingamila, zikwama, mipango, kungoti masiku ano amagulitsira pouma.

Tebulo lachisanu linali la Gharib. Wanenepa, mano atha, koma mawu ndi omwe aja. Anandiyang'ana nkhope, anayang'ana chipewa ndi kakhadi, n'kuyamba kundiitana m'Chitaliyana, kenako m'Chigiriki, ati bwana wanga tabwerani, kuona n'kwaulere. Nditaima anatembenukira kwa mnzake wa tebulo loyandikana n'kunena m'chilankhulo chathu: “Taona gogo uyu, mkazi wake wamuthawa ndi dalaivala wa basi. Tamusiya ndimumete bwinobwino.” Mnzakeyo anati: “Opa Mulungu, Gharib, mwendo umodzi uli kale m'manda.” Iye anati: “Wa ndani, wanga kapena wa iyeyu?” Anaseka onse awiri mpaka kutsokomola.

Achemwali, mawu omuuza munthu ameneyu ndinawakonza zaka zonsezi. Ndinkawanena ndikusoka maukonde, ndikumeta ndevu, ngakhale pa mkeka wa swala, Mulungu andikhululukire. Koma iye anandiyang'ana ngati mlendo. Ndinamuyankha m'Chigiriki. Ine, wobadwira mumsewu wachitatu kuchokera pamene anaimapo. Ndinaloza mpango wina wobiriwira osaufunsa n'komwe mtengo.

Anaukulunga m'nyuzipepala, n'kudula kachingwe. Ndinayang'anitsitsa manja ake. Lamanzere, katatu, kamchira chammbuyo, n'kukokera ndi dzino limodzi limene lamutsalira. Pondipatsa anandisisita paphewa, nati imeneyi bwana simasuka mpaka mukafike kwanu. Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo ndikuganiza kuti ndinathokoza.

Ndinayenda osadziwa kumene ndikupita. Nyumba zamatabwa za mumsewu mwathu zatha, pamene panali yathu pali sitolo ya mafoni. Anthu ogulitsa ankandilonjera m'Chingerezi. Wa takisi wina ananditsata mtunda wautali akufuna kukandionetsa ngalande ya sitima, ngalande imene madzi ake ndinawamwa mpaka kukomoka. Ndinavula chipewa chija n'kuchipinda m'thumba, koma sizinathandize. Mwina ndi nsapato, mwina ndi kayendedwe, sindikudziwa.

Nyumba ya tiyi ija ilipobe, yangosintha mipando. Ndinakhala pakona n'kuitanitsa tiyi, ndipo apa ndiye ndinalankhula chathu koyamba. Wopereka tiyi anati ndimachilankhula bwino, ndinachiphunzira kuti? Chapatali pang'ono panali nkhalamba yakhungu ikusewera ndi mikanda yopempherera ya tasibihi, anzake akuinyoza kuti imabera pa masewera a domino ngakhale siona. Iyo inati: “Ana a nsapato inu, ndikanakhala ndi maso mukanapita kwanu opanda malaya.” Nditamva kaseko ndinadziwa kuti ndi Darwish. Ndinakhala pamenepo ola lathunthu phukusi lili pamiyendo. Kuchokera pampando wanga kufika pa wake anali mapazi asanu okha. Ndinaopa kuti ndikatchula dzina langa wina akumbukira za mbuzi ija.

Itatha swala ya masana ndinafika mumsewu mwanu. Ndinaupeza ndi adiresi ya pa makalata anu akale. Munali pakhonde lanu lam'mwamba mutavala diresi yakuda ya madontho, mukutsitsa dengu pachingwe kwa wogulitsa buledi wa panjinga. Munkamukalipira kuti buledi wa dzulo anali ngati chidendene cha nsapato, iye n'kumati hajja, mayi wolemekezeka, vuto ndi mano anu, si buledi wanga. Mawu anu asanduka a amayi. 

Ndinaima pansi penipeni pa khonde lanulo, pamene simukanandiona. Wabulediyo atatembenuka kuti apatse kasitomala wina, ndinaika phukusi lija m'dengu lanu, pansi pa buledi. Munakoka. Ndinaliona likukwera pang'onopang'ono, likugunda khoma, mpaka linalowa. Kenako ndinamva mukukuwa kuti iwe wabuledi, ichi n'chiyani wandiikira? Ndinachoka mofulumira ngati wakuba.

Mundikwiyira, ndikudziwa. Munena kuti mchimwene wanji amene amafika pakhomo la mlongo wake n'kubwerera. Masitepe anu ndinawaona, ndikanawakwanitsa. Koma ndinadziwa zimene zikanachitika. Mukanalira, mukanaitana ana onse, mukanatuma munthu kumsika wa nsomba, mukanandidyetsa mpaka kubanika, ndipo simukanandifunsa. Ndikanabwerera kusitima nditakhuta, ndili yemwe uja anapha a Rayisi Mitwalli, amene abale ake anamukhululukira mwakachetechete. Chikhululukiro chimenecho sindichifuna, achemwali. Sindinalakwe.

Kumanda a amayi sindinafikeko. Nthawi inalipo, koma ndinalibe chokawauza chatsopano.

Sitima inaliza huta cha m'ma faifi. Samira anabwera atapsa ndi dzuwa, akundionetsa zithunzi zake ali pangamila, n'kufunsa ngati ndinatsikako. Ndinati ndinagona tsiku lonse. Anandiyang'ana nsapato, zinali ndi fumbi, koma sananene kanthu. Nayenso watengera kwathu.

Mundiperekere moni kwa mwana wanu wamkulu Hamdi ndi akazi ake, kwa Nadia ndi amuna ake ku Port Fuad, ndi kwa adzukulu onse amene ndimangowadziwira pazithunzi. Asuweni athu a Fawziya ngati adakali moyo muwauze kuti ndimawakumbukira. Alamu anga malemu ndimawatchula m'mapemphero. Samira akupereka moni, ngakhale sakudziwa kuti ndikulemba.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Ndikukudziwani, phukusi losadziwika mwini simungalitsegule. Mukuliganizira zamatsenga, ndipo pano liyenera kuti lili pamwamba pa kabati mutaliwaza mchere. Mulibe choopsa, ndi mpango chabe, ndi wanu. Koma musadule chingwecho. Mumuuze Hamdi akuperekezeni kunyumba ya tiyi ija Lachisanu anthu akatuluka ku mzikiti, aitanitse Gharib, ndipo phukusilo muliike m'manja mwa Darwish. Maso alibe, koma zala zake zinagwirapo mfundo imeneyi kamodzi, ndipo munthu wa m'madzi saiwala. Akalipapasa, mumufunse Gharib inuyo, ndi pakamwa panu, anthu akumva, kuti anamanga bwato la a Rayisi Mitwalli ndani.

Sindikufuna kuti amangidwe kapena andipepese. Mwina akana, mwina aseka, mwina Darwish anena kuti zakale zinapita. Zimenezo ndi zawo. Chimene ndikufuna ndisanafe n'choti munthu mmodzi wa kwathu afunse funso limeneli mokweza, ndipo munthuyo akhale inu.

Ndine mlongo wanu,
Shehata